Mwahakidwa? Musanakwere minibasi kukaflashitsa foni, yambani mwawerenga izi

Sabata siitha osaona status yotere: "Abale nambala yanga yahakidwa, aliyense amene akupempheni ndalama si ine." Pansi pake anthu amapepesa, ena amaseka, kenako pamabwera uja wa mankhwala a matenda onse: "Kaflashitse foniyo basi." Mawa lake munthu wakwera minibasi ya ku Limbe, walipira, zithunzi za zaka zitatu zapita, koma madzulo wakuba uja akadali kulembera azakhali ake kupempha ya thiransipoti.

Kuno ku Misesa ndine mmodzi mwa achinyamata amene anthu amatibweretsera foni ikayamba zachilendo. Sukulu yanga ya ku yunivesite inaimira panjira, koma zochepa za makompyuta zimene ndinatolako ndi zomwe ndimathandiza nazo. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndiye ndaona kuti ndingolemba pamodzi, aliyense azitha kubwererapo tsiku limene zamuonekera.

Mfundo yaikulu ndi iyi: kuflasha kumatsuka foni, sikutsuka akaunti. Ngati wakuba ali mu WhatsApp, mu Facebook kapena mu Gmail yanu, mutha kuflasha kakhumi, iye osamva n'komwe. Zinthu izi zili ndi ndondomeko yake, ndipo kuflasha ndi komalizira.

Kuriseta ndi kuflasha si chinthu chimodzi

Tiyerekeze foni ngati nyumba. Makoma ndi denga ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni, imene amati operating system. Pa itel, Tecno, Infinix, Samsung, Redmi ndi Huawei zambiri ndi Android, pa iPhone ndi iOS. Katundu wa m'nyumbamo ndi zithunzi, ma app, mauthenga ndi manambala anu.

Kuriseta, kumene ena amati kufomata, pa Settings pamalembedwa kuti Factory data reset kapena Erase all data. Uku ndi kutulutsa katundu yense ndi kusesa, nyumba n'kutsala mmene inachokera ku fakitale. Makoma sakhudzidwa. Mutha kupanga nokha, kwaulere, mutakhala pakhonde.

Kuflasha ndi kugumula nyumbayo ndi kumanganso. Android yonse imafufutidwa, ina n'kuikidwamo kuchokera pa kompyuta kudzera pa chingwe cha USB. Fayilo imene imaikidwayo amati firmware. Pamafunika laputopu, pulogalamu yoyenera ndi munthu wodziwa chimene akuchita.

Nanga ma akaunti ali pati? Sali m'nyumbamo. WhatsApp ndi Facebook zili pa makompyuta a kampani ya Meta, Gmail ili kwa Google, ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zili kwa Airtel ndi TNM, zomangiriridwa ku nambala yanu. Foni ndi zenera longoonerapo. N'chifukwa chake kuriseta sikungakudyereni ndalama za mu Mpamba, komanso sikungathamangitse munthu amene akudziwa PIN yanu.

Kodi ndi foni, ndi akaunti, kapena ndi SIM?

Musanachite china chilichonse dziwani kaye kuti wakuba walowera khomo liti. Makomo ake ndi atatu.

Loyamba ndi akaunti, ndipo mwa anthu amene ndawathandizapo ambiri vuto linali pamenepa. Zizindikiro zake: anzanu akulandira mauthenga amene simunalembe, WhatsApp yakutulutsani yokha n'kunena kuti nambala yanu yalembetsedwa pa foni ina, Facebook ikukana pasiwedi, kapena dzina ndi chithunzi zasinthidwa. Kawirikawiri zimayamba ndi code ya manambala 6 imene inabwera pa SMS, wina n'kuimba kapena kulemba kuti "ndatumiza code molakwitsa, tanditumizireni". Ena amalemba ngati mnzanu wa pa gulupu ya mpingo kapena ya banki m'khonde, akuti pali msonkhano wa pa intaneti ndipo code ija ndi yolowera. Ena amadzera pa link ya bandulo yaulere kapena ya ntchito imene imakufunsani kulemba pasiwedi ya Facebook. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, abale.

Lachiwiri ndi SIM. Netiweki yasowa mwadzidzidzi, pamwamba palembedwa No service, pomwe oyandikana nawo a kampani yomweyo akuimba bwinobwino, mwazimitsa ndi kuyatsa koma palibe chosintha. Mwina wina wakatulutsa SIM yatsopano ya nambala yanu. Apa musataye nthawi ndi wokonza mafoni. Tengani chiphaso cha unzika muthamangire ku shopu ya Airtel kapena TNM tsiku lomwelo, chifukwa ma code onse a banki ndi a WhatsApp akupita kwa iyeyo. Kuyambira 2018 SIM iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye ngati yanu inalembetsedwa m'dzina la achimwene kapena la ejenti, konzani zimenezo lero, mavuto asanabwere.

Lachitatu ndi foni yeniyeniyo. Ma app amene simunaikemo akumera okha, zotsatsa malonda zikutulukira pa sikirini ngakhale simunatsegule chilichonse, ma units akudulidwa pa zinthu zimene simunalembetse, kapena munthu wina akukuuzani zinthu zimene munalankhula pa foni iye kulibe. Pa Android 12 kupita m'tsogolo, kamera kapena maikolofoni ikamagwira ntchito pakona ya sikirini pamayaka kadontho kobiriwira. Kakamayaka inu musakujambula kapena kuimba, pofunika kufufuza. Khomo lachitatuli ndi lokhalo limene kuriseta ndi kuflasha zimatseka.

Zimene si umboni woti mwahakidwa

Foni kutentha mu October si hacker, ndi dzuwa. Batire la zaka zitatu kutha msanga ndi ukalamba. Foni ya RAM ya 1GB kapena 2GB yodzaza ndi mavidiyo a m'magulupu idzachedwa basi. Bandulo kutha mofulumira, yambani mwaona maola amene mwakhala pa TikTok.

Uthenga uja wa "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" nawonso sutanthauza kuti alowa m'foni mwanu. Amangowaza kwa anthu ambirimbiri, wogwa agwe. Ingofufutani, osayankha.

Palinso zimene zimayenda pa TikTok zoti mukaimba *#21# mudziwa ngati akukumverani. Code imeneyi imangoonetsa ngati mafoni anu akupatutsidwira ku nambala ina, zimene amati call forwarding. Ndi yothandiza, koma siona virus. Mukapeza nambala yachilendo, imbani ##002# kuti zopatutsa zonse zichoke. Dziwani kuti *#62# nthawi zambiri imaonetsa nambala ya voicemail ya kampani yanu, musathamange nayo magazi.

Ola loyamba: tsekani makomo

Ngati mukukayikira foni yanu, musasinthire mapasiwedi pa foni yomweyo, chifukwa ngati muli kachilombo kowerenga zimene mukulemba, katola ndi pasiwedi yatsopanoyo. Bwerekani foni kapena laputopu ya munthu amene mumamukhulupirira, mukamaliza mutulukemo.

1. Jambulani umboni. Screenshot ya mauthenga, manambala amene akupempherapo ndalama, ma SMS a ndalama zimene zatuluka, tsiku ndi nthawi. Tumizani kwa m'bale wanu kapena sungani pena. Mukariseta zonsezi zimapita, ndipo ku polisi simudzakhala ndi chowonetsa.

2. Yambani ndi Gmail, chifukwa ndiye kiyi wa makiyi onse. Lowani pa myaccount.google.com, pitani pa Security, sinthani pasiwedi. Pa Your devices tulutsani foni iliyonse imene simukuidziwa. Onani ngati nambala ndi imelo yobwezeretsera akaunti zikadali zanu.

3. WhatsApp. Tsegulani Linked devices. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka 4 ku akaunti imodzi, ndipo munthu amene anagwira foni yanu kwa mphindi imodzi yokha atha kulumikiza yake n'kumawerenga zonse ali kwawo. Chilichonse chachilendo, Log out. Ngati anakutulutsani kale, lembetsaninso nambala yanu, mulandira code pa SMS, mukangoilemba wakubayo amatulutsidwa. Akakhala kuti anaika PIN yake ya two-step verification, mudzadikira masiku 7 kuti mulowe, koma iye amakhala watuluka kale.

4. Facebook. Ngati mukutha kulowa, sinthani pasiwedi, kenako pa Password and security muone Where you're logged in, mutulutse onse. Ngati simukutha kulowa, njira yake ndi facebook.com/hacked. Samalani ndi anthu a m'ma comment amene amati amabweza akaunti mukawalipira, ambiri ndi akuba omwewo avala malaya ena.

5. Ndalama. Sinthani PIN ya Airtel Money pa *211#, ya Mpamba pa *444#. Ngati mumagwiritsa ntchito app ya banki kapena Mo626, imbirani banki yanu. Chaka chobadwa si PIN.

6. Uzani anthu. Imbirani amayi, azakhali, abusa, tcheya wa banki m'khonde, onse amene angatumize ndalama osafunsa kawiri. Manyazi asakugwireni. Mu February 2024 pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti ku Immigration alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Ngati zinagwera boma, inu ndi itel yanu palibe chochititsa manyazi.

Ngati vuto linali akaunti yokha, mwamaliza. Foni isiyeni, zithunzi zanu zikhale.

Kufufuza m'foni momwemo

Ngati zizindikiro zikuloza foni, zimitsani data ndi Wi-Fi kaye, kenako yendani malo awa. Mayina amasiyanako pang'ono malinga ndi foni, koma pa Settings pali posakira, ingolembani mawuwo.

Pa Apps, werengani mndandanda wonse mpaka pansi. Funani app yopanda chithunzi, yopanda dzina, kapena imene simukukumbukira kuti munaiika. Pa Accessibility, onani ma app amene apatsidwa mphamvu, chifukwa app yokhala ndi chilolezo chimenechi imatha kuwerenga sikirini ndi kudina m'malo mwanu. Pa Device admin apps pamayenera kukhala zodziwika ngati Find Hub ya Google (imene kale inkatchedwa Find My Device). App ikamakana kuchotsedwa, nthawi zambiri yabisala pamenepa: ichotseni mphamvu kaye, kenako uninstall. Pa Install unknown apps zimitsani zonse. Mukayatsanso data, tsegulani Play Store, pitani pa Play Protect mupange scan. Mukaipeza yozimitsidwa inu musanaizimitse, pali amene anagwira foniyo.

Palinso Safe mode. Pa mafoni ambiri mumadina batani lozimitsira, kenako n'kugwira chala pa Power off mpaka ifunse. Mu Safe mode ma app onse amene anaikidwa pambuyo pogula sagwira ntchito. Zachilendo zija zikasiya, ndiye kuti wolakwa ndi app imene inachita kuikidwa, ndipo kuichotsa kapena kuriseta kukwanira.

Tinene chilungamo pa GB WhatsApp, FM WhatsApp ndi anzake. Ndikudziwa chimene timawakondera: kuwerenga zofufutidwa, kubisa kuti tili online, kusunga ma status. Koma ma app amenewa si a WhatsApp, sapezeka pa Play Store, ndipo palibe amene angakutsimikizireni kuti amene anakonza fayilo imene munalandira pa Xender anaikamo chiyani. Eni ake a WhatsApp amatsekanso manambala ogwiritsa ntchito zimenezi. Chimodzimodzi ma app a mpira waulere, a mafilimu ndi a ngongole za pompopompo amene amapempha kuona manambala ndi ma SMS anu onse.

Musanariseta: zosunga ndi zosiya

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu ambiri amalira osati chifukwa cha hacker, koma chifukwa cha zimene anafufuta okha mwaphuma.

Sungani zithunzi, mavidiyo ndi mapepala ofunika monga ma CV, masatifiketi ndi manotsi a sukulu. Koperani pa laputopu, pa flash kapena pa Google Drive, imene imapereka 15GB yaulere. Manambala onani ngati ali mu Gmail: lowani pa contacts.google.com pa foni ina, mukawaona ndiye kuti ali bwino. Macheza a WhatsApp yeniyeni sungani pa Chats, Chat backup. A GB WhatsApp musawadalire kuti abwerera.

Musasunge ma app. Fayilo iliyonse yothera ndi .apk isiyeni ipite, kuphatikizapo za mu memori khadi. Kutsuka mbale n'kubwezeramo ndiwo zowola zomwezo n'kutaya madzi chabe.

Kenako nkhani imene imagwetsa ambiri: pasiwedi ya Gmail. Kuyambira Android 5.1 ya 2015, mafoni ali ndi loko yotchedwa Factory Reset Protection, mwachidule FRP. Foni ikarisetedwa akaunti ya Google ili momwemo, makamaka kudzera pa mabatani, ikayaka imafuna PIN yakale kapena Gmail yomweyo ndi pasiwedi yake. Anaiikira akuba, koma imagwira eni ake ambiri, makamaka amene Gmail anawatsegulira ndi wogulitsa foni pa shopu, pasiwedi osawauza. Ndiye musanariseta, yesani kulowa mu Gmail yanu pa foni ina. Zikatheka, chotsani akauntiyo pa Settings, Accounts. Google imalangizanso kuti ngati mwangosintha kumene pasiwedi, dikirani maola 24 musanariseta. Pa iPhone loko yofanana nayo ndi Activation Lock, imafuna Apple Account (imene kale inkatchedwa Apple ID), ndipo imeneyo ngakhale kuflasha siichoka.

Imbani *#06# mulembe manambala a IMEI papepala. Iliyonse imakhala ndi manambala 15, ndipo foni ya ma SIM awiri imakhala ndi ziwiri. Ngati mumagwiritsa ntchito app ya ma code ngati Google Authenticator, isamutseni kaye.

Kuriseta kwake

Tchajani batire lifike 70% kapena kuposa, magetsi athu mukuwadziwa. Tulutsani SIM ndi memori khadi. Pitani pa Settings, System, Reset options, Erase all data. Pa Samsung ndi General management, Reset, Factory data reset. Pa iPhone ndi General, Transfer or Reset iPhone, Erase All Content and Settings. Ikufunsani PIN, ivomerezeni, kenako isiyeni mpaka iyake yokha.

Ngati foni ikukana kufika pa Settings, pali recovery mode. Zimitsani foni, gwirani batani loyatsira pamodzi ndi lokweza volume mpaka patuluke mndandanda, musankhe Wipe data/factory reset. Njira imeneyi ndi imene imadzutsa FRP, ndiye khalani ndi Gmail yanu m'manja.

Ikayaka ikufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa ma app a kale. Kanani, yambani ngati foni yatsopano. Igwiritseni ntchito masiku awiri kapena atatu ndi ma app ochepa a pa Play Store, memori khadi ili kunja. Ikakhala phee, nkhani yatha. Pa mafoni a masiku ano nthawi zambiri zimathera pamenepa, chifukwa kuyambira Android 7.0 ya 2016 foni imadzifufuza yokha poyaka ngati makoma aja asinthidwa, ndipo virus wamba savutika n'kufika kumeneko, amangokhala m'katundu.

Nthawi imene kuflasha kumafunikadi

Pali tizilombo tina timene timakhala m'khoma. Chitsanzo chodziwika ndi xHelper, imene makampani a chitetezo cha makompyuta monga Malwarebytes ndi Symantec anailemba mu 2019: munthu amariseta, pakapita nthawi pang'ono yabwereranso. Mu August 2020 a Secure-D ndi BuzzFeed News anaulula kuti mafoni a Tecno W2 okwana pafupifupi 53,000, ogulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa, anali ndi Triada ndi xHelper kuchokera m'katoni. Tinkalembetsa anthu ku zinthu zolipira iwo osadziwa, n'kumadya ma units ndi data. Kampani ya Transsion, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inati vutolo linachokera kwa wina mwa amene ankawagulitsa zipangizo ndipo inatulutsa zokonzera. Ndi foni yakale imeneyo, sindikunena za Tecno ili m'thumba mwanuyo. Phunziro lake ndi loti matenda osamva kuriseta alipodi.

Ganizirani zoflasha ngati:

- mwariseta, simunabwezeretse app iliyonse, koma zachilendo zabwerera;
- foni inapangidwa root kapena bootloader yake ndi yotsegula, zimene mafoni ambiri amachenjeza poyaka;
- munaigula kwa munthu, ya ku Joni kapena ya pa msika, ndipo simukudziwa zimene mwini wake woyamba anaikamo;
- ikungoima pa logo, osapitirira.

Musaflashe ngati foni ndi ya ngongole imene mukulipirabe pang'onopang'ono. Loko yake ndi ya mgwirizano umene munasaina, pitani kwa amene anakukongozani. Ngati ikadali pa waranti, yambani komwe munagula ndi lisiti lanu. Za Tecno, itel ndi Infinix okonza ake ovomerezeka ndi a Carlcare. Ndipo ngati foniyo ndi feki, yolembedwa Samsung kapena iPhone koma mkati muli zina, firmware yoyera simudzaipeza. Imeneyo musaikemo za banki, basi.

Mukapita kwa wokonza

Okonza mafoni ali ponseponse, mu msika wa Limbe, mu Blantyre, ku Ndirande, ku Bangwe. Ambiri ndi akatswiri ndithu, anaphunzira ndi manja. Koma safunsa anadya phula, ndiye dziwani zofunsa.

Pulogalamu yoflashira imatengera chip ya foni. Za MediaTek, monga Tecno ndi Infinix zambiri, amagwiritsa ntchito SP Flash Tool. Za Unisoc, zimene kale ankati Spreadtrum ndipo zili mu itel zambiri, zili ndi pulogalamu yawoyawo. Samsung ndi Odin. iPhone imabwezeretsedwa ndi iTunes kapena Finder, fayilo yake kuchokera kwa Apple. Firmware iyenera kufanana ndendende ndi model ya foni yanu, osati dzina lokha. Model ili pa Settings, About phone, komanso pa katoni. Mafoni awiri a dzina limodzi atha kukhala osiyana mkati, ndipo firmware yolakwika imapha touch, kamera, kapena foni yonse osayakanso.

Mufunseni firmware waitenga kuti. Fayilo yotoledwa pa website iliyonse itha kukhala ndi kachilombo kake, n'kukhala kuti mwalipira kuti akuikireni wakuba watsopano. Pa MediaTek mufunsenso ngati agwiritse ntchito Format All + Download. Njira imeneyi imatha kufufuta IMEI, foni n'kuyaka bwinobwino koma osagwira netiweki. Wodziwa ntchito amasankha Download Only kapena Firmware Upgrade, kapena amayamba wasunga IMEI.

Zina zofunika:

- Risetani nokha kunyumba musanapite, kuti zithunzi zanu zisakhale pa laputopu ya munthu. Zithunzi zambiri zimene zimatayika m'magulupu sizinabedwe ndi hacker wa kunja, zinachoka m'manja mwa munthu amene anapatsidwa foni.
- SIM ndi memori khadi zikhale m'thumba mwanu.
- Palibe chifukwa chomuuzira PIN ya Mpamba, ya Airtel Money kapena pasiwedi ya Facebook. Gmail ikafunika, lembani nokha.
- Gwirizanani mtengo asanayambe, komanso chimene chichitike foni ikafera m'manja mwake.
- Ngati n'kotheka khalani pomwepo. Asayambe ndi kompyuta yopanda batire, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito foni itha kufa.
- Musanachoke yesani *#06# mufananize ndi pepala lija, imbani ndi SIM zonse ziwiri, yesani kamera, mawu, Wi-Fi ndi tchaja.

Akakufunsani lisiti kapena katoni musakwiye. Wokonza amene amachotsa loko pa foni iliyonse osafunsa ndi yemweyo amene adzachotse pa yanu ikadzabedwa.

Ngati wokuzondani ndi wa m'nyumba momwemo

Iyi ndi mbali imene sitiikamba. Nthawi zambiri amene amawerenga mauthenga athu si munthu wa ku Russia, ndi chibwenzi, mwamuna, mkazi kapena ex amene amadziwa pattern. Safuna ukatswiri: Linked devices, pasiwedi ya Gmail imene anakutsegulirani yekha, kapena Location sharing ya pa Google Maps. Mukaflasha n'kuikanso pattern yomweyo ya L, mawa abwereranso.

Achemwali, komanso achimwene, ngati munthuyo ndi wankhanza, ganizirani kaye za chitetezo chanu musanamutulutse, chifukwa adzadziwa kuti mwazindikira. Sungani umboni kwa munthu wina, uzani wachibale, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu makina kapena mu data ya munthu popanda chilolezo, kumuzunza ndi kumulondalonda pa intaneti, ndipo chilango chake chimafika kundende. Kukhala pa chibwenzi si chilolezo. Nkhani za kubedwa ndalama kanenenso ku polisi ya kufupi, kaya ndi Soche, Limbe, Bangwe, Ndirande kapena Chilomoni, komanso ku kampani ya foni mwamsanga ndalama zisanatapidwe. Bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani a mafoni, limalandira madandaulo ngati kampani sinakuthandizeni, ndipo pansi pake pali nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti yotchedwa Malawi CERT.

Foni yayera, tsopano isadenso

Ikani PIN yatsopano ya manambala 6 imene simunauzepo munthu. Pangani update ya system ndi ya ma app mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku. Ma app tengani pa Play Store kapena App Store pokha. Yatsani two-step verification pa WhatsApp, muikepo ndi imelo, kenako chimodzimodzi pa Gmail ndi Facebook. Bisani ma SMS kuti asamaoneke foni ili yokiya, chifukwa code imawerengeka pa tebulo inu mutapita kukasamba. Ikani PIN pa SIM, koma samalani: mukalakwitsa katatu imafuna PUK. Posiya foni potchajitsa, izimitseni. Memori khadi ija koperani zithunzi zokha, kenako ifomateni.

Ndipo code iliyonse yobwera pa SMS ndi yanu nokha. Wa Airtel weniweni, wa TNM weniweni, wa banki weniweni sadzakufunsani PIN kapena code. Amene wafunsa, dulani foni.

Mwachidule, ndondomeko ndi iyi: umboni, ma akaunti, SIM, kusunga zofunika, kuriseta, ndipo kuflasha pokhapokha zikakanika. Sungani tsambali, mutumizirenso amayi ndi gulupu ya kwanu. Ngati pali foni imene ikukuzunguzani, lembani mtundu wake ndi zimene ikuchita m'ma comment, ndiyankha mmene ndingathere. Koma chonde, musalembemo nambala yanu, pasiwedi kapena code.